Potifoliyo ndiyo imalankhulira wojambula mapulani pofunsira ntchito yoyamba

Milange, Zambézia – Mwana wa ku Milange akamaliza maphunziro a kujambula mapulani a nyumba, makolo amayembekeza kuti ntchito ipezeka msanga. Amakhala atagulitsa chimanga, nandolo ndi mbuzi kwa zaka zingapo kuti mwanayo adye, alipire lendi ndiponso asindikize zojambula zake ku Maputo kapena ku Nampula. Koma pa ntchito imeneyi satifiketi payokha siitsegula khomo. Bwana wa ofesi yojambula mapulani akalandira kalata yofunsira ntchito, chimene amafuna kuona msanga ndi potifoliyo.

Potifoliyo, kapena portfólio pa Chipwitikizi, ndi kabuku kamene munthu amasonkhanitsamo ntchito zake zosankhidwa bwino: mapulani, zojambula pamanja, zithunzi za timanyumba toyerekeza topangidwa ndi makatoni, ndiponso mawu ochepa ofotokoza ntchito iliyonse. CV imanena kumene munthu anaphunzira. Potifoliyo imaonetsa zimene manja ndi mutu wake zimatha kuchita. Anthu awiri angakhale ndi satifiketi yofanana ya sukulu imodzi, koma mabuku awo sangafanane, ndipo mpamene bwana amasankhira.

Chimene wolemba ntchito amafuna

M'dziko la Mozambique, sukulu yakale kwambiri ya maphunzirowa ndi Faculdade de Arquitectura e Planeamento Físico ya pa Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo, imene inayamba mu 1986 mothandizidwa ndi dziko la Italy. Kumpoto, Universidade Lúrio ku Nampula nayonso ili ndi nthambi ya maphunziro omwewa. Tsidya lina la malire, MUBAS ku Blantyre, imene kale inkatchedwa Polytechnic, imaphunzitsanso ntchitoyi. M'sukulu zonsezi wophunzira amapatsidwa ntchito zoyeserera: lero nyumba ya banja, mawa sukulu, kenako msika kapena chipatala. Zimenezi ndizo mbewu ya potifoliyo yoyamba.

Wongomaliza kumene sukulu sayembekezeredwa kuti anamangapo nyumba yosanja. Bwana amadziwa zimenezo. Iye amakhala ndi mafunso atatu m'mutu. Kodi munthuyu amaona vuto la malo asanayambe kujambula? Kodi chimene wajambula mmisiri angachitenge n'kumangira popanda kulota? Kodi ndi waukhondo ndi wachilungamo pa ntchito yake? Tsamba lililonse la kabukuka liyenera kuyankha limodzi mwa mafunso amenewa. Tsamba losayankha funso lililonse lichotsedwe, ngakhale litakongola bwanji.

Apa mpamene ambiri amasochera. Amadzaza masamba ndi zithunzi za pakompyuta zoonetsa nyumba zamagalasi okhaokha, galimoto yodula itaima pakhomo, kumwamba kuli kofiira ngati dzuwa likulowa. Zithunzi zotere zimasangalatsa maso, koma masiku ano aliyense wokhala ndi kompyuta yabwino angazipange. Sizinena kumene madzi a mvula adzapite, sizinena chimene chagwira denga. Ntchito yoyamba imene wachinyamata amapatsidwa mu ofesi kawirikawiri imakhala yojambula bwino makomo, mazenera, masitepe ndi zimbudzi za pulani ya wina. Bwana amafuna umboni woti zimenezo akuzitha.

Kusankha ntchito zolowa m'kabuku

Ntchito zinayi, zisanu kapena zisanu ndi imodzi n'zokwanira. Yoposa zonse ikhale poyamba, chifukwa wowerenga wotanganidwa amatha kulekeza pa tsamba lachitatu. Kuika zonse zimene munthu anajambula kuyambira chaka choyamba kumangobisa zabwino pakati pa zofooka, ngati kusakaniza nyemba zosankha ndi zofumbwa m'thumba limodzi. Ntchitozo zikhale zosiyana: ina yaing'ono yojambulidwa mpaka pa msomali, ina yaikulu yoonetsa mmene nyumba zingapo zimakhalira pamodzi ndi misewu, ina yochokera pa malo enieni amene munthu anapondapo ndi mapazi ake.

Pa ntchito iliyonse pakhale dzina lake, malo, chaka, ndiponso ngati inali ya kusukulu kapena ya munthu amene anaipempha. Kenako mizere itatu kapena inayi yonena vuto ndi yankho lake. Mwachitsanzo, m'malo molemba kuti nyumbayi ikuonetsa mgwirizano wa munthu ndi chilengedwe, ndi bwino kulemba kuti malowo ndi otsetsereka, madzi amachokera kuphiri, ndiye pansi pa nyumba pakwezedwa ndipo ngalande yadutsa kumtunda kwake. Mawu achiwiriwa bwana angawafufuze pa chojambula n'kuona ngati ali oona.

Zojambula zimene siziyenera kusowa

Pali zojambula zinayi zimene wodziwa ntchito amayang'ana. Choyamba ndi planta, imene imaonetsa nyumba ngati munthu waichotsa denga n'kuiyang'ana ali pamwamba. Chachiwiri ndi alçado, nkhope ya nyumba monga imaonekera kunja. Chachitatu ndi corte: nyumba imayerekezedwa kuti yadulidwa pakati kuchokera padenga mpaka pamaziko, monga amadulira papaya, kuti zam'kati zioneke. Chachinayi ndi pormenor, kachigawo kakang'ono kojambulidwa mokulitsa, monga pamene denga lakumana ndi khoma.

Mwa zinayizi, corte ndi pormenor ndizo zimaulula wodziwa ndi wongoyerekeza. Planta ingakoperedwe mosavuta, koma wojambula corte ayenera kudziwa kuya kwa maziko, kukula kwa khoma, kutalika kwa chipinda, kupendekeka kwa denga ndi kumene mpweya wotentha udzatulukire.

Chojambula chilichonse chikhale ndi sikelo. Sikelo ya 1:100 imatanthauza kuti sentimita imodzi papepala ndi mita imodzi pansi, choncho chipinda cha mamita 4 m'litali ndi 3 m'lifupi chimakhala masentimita 4 ndi 3. Pa 1:50 mita imodzi imatenga masentimita 2, ndipo pa 1:20, imene imayenerera pormenor, imatenga masentimita 5. Popeza zojambula zazikulu zimachepetsedwa kuti zikwane m'kabuku, manambala a sikelo amatha kunama. N'chifukwa chake pamafunika kamzere ka sikelo kojambulidwa pambali, kamene kamachepa limodzi ndi chojambulacho.

Muvi wosonyeza kumpoto nawonso usaiwalike. Milange ili kumwera kwa equator, ndipo kwa nthawi yaitali ya chaka, makamaka m'nyengo yozizira, dzuwa limadutsa chakumpoto. Ku Ulaya limadutsa chakumwera. Wokopera pulani ya ku Portugal osaitembenuza amaika khonde ndi mazenera kumbali yolakwika, ndipo bwana wodziwa amaona zimenezo nthawi yomweyo.

Chuma chimene chili pakhomo

Wachinyamata wa kuboma lakumalire amatha kudziona wotsalira poyerekeza ndi anzake a mumzinda amene anaphunzirirapo ntchito m'maofesi akuluakulu. Koma Milange ili ndi mavuto enieni a kamangidwe amene dziko lonse likufunira mayankho, ndipo iye anakulira pakati pa mavutowo.

Tawuniyi ili m'munsi mwa phiri la Tumbine. Mu Januwale 1998, mvula yamphamvu itagwa, nthaka ndi miyala zinagumuka paphiripo n'kupha anthu ambiri, tsoka limene anthu a mbali zonse ziwiri za malire amalitcha Napolo. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anadutsa ku Zambézia, ku Tete ndi kumwera kwa Malawi. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anafika kumtunda pafupi ndi Quelimane, ndipo mvula yake inawononga kwambiri madera ozungulira mapiri a Mulanje. Beira nayo inaona zoopsa ndi namondwe Idai mu Malichi 2019. Kuchokera pa masoka amenewa, boma ndi mabungwe monga UN-Habitat, limene lakhala likugwira ntchito ndi unduna wa zamaphunziro pa nkhani ya masukulu olimba, amafuna anthu odziwa kumanga nyumba zopirira mphepo ndi madzi pogwiritsa ntchito ndalama zochepa.

Potifoliyo yoonetsa kuti mwini wake akumvetsa zimenezi imakhala ndi mphamvu. Mphepo yamkuntho siingokankha khoma ayi. Imanyamula denga kulikweza m'mwamba. Choncho denga liyenera kugwirana ndi nthaka ngati unyolo wosaduka: malata agwire mapaso, mapaso agwire mitanda, mitanda imangidwe ndi zitsulo kapena waya wozikidwa mu lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa makoma, umene pa Chipwitikizi amati viga de coroamento, ndipo makomawo agwire maziko. Pakaduka pamodzi, denga lonse limapita. Pormenor imodzi ya 1:20 yoonetsa unyolo umenewu imanena zambiri kuposa zithunzi khumi zonyezimira.

Palinso zosankha zimene zimaonetsa kuganiza. Denga lotsikira mbali zinayi limapirira mphepo kuposa lotsikira mbali ziwiri. Denga lotuluka kwambiri kunja kwa khoma limateteza njerwa ku mvula, koma limapatsanso mphepo pogwira. Yankho lina n'kupatsa khonde denga lakelake, losalumikizana ndi la nyumba, kuti likachoka lisatenge denga lalikulu. Wofunsira ntchito akalemba m'mizere iwiri chifukwa chimene anasankhira njira imodzi n'kusiya ina, bwana amaona kuti wapeza munthu woyeza zinthu. Kuwerengera mphamvu ya zitsulo ndi konkire ndi ntchito ya injiniya, koma wojambula mapulani ayenera kudziwa pamene pakufunika chitsulocho.

Madzi nawonso ali ndi masamu ake osavuta. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a sikweya mita imodzi imapereka lita imodzi. Denga la masikweya mita 100 likalandira mvula ya mamilimita 50, pamatsika malita 5,000, omwe ndi migolo 25 ya malita 200. Madzi amenewo akangogwera m'mphepete mwa khoma amafukula maziko. Pulani yabwino imaonetsa kumene adzapite: m'thanki, m'ngalande kapena kumunda. Pa nyumba zolowamo anthu onse, monga sukulu ndi chipatala, pulani ionetsenso polowera anthu oyenda pa njinga za olumala, monga likufunira lamulo la Decreto 53/2008.

Kuyeza nyumba imene ilipo kale

Amene ntchito zake za kusukulu n'zochepa kapena zofooka angathe kudzipangira ntchito yatsopano popanda kudikira aliyense. Njira yake ndi levantamento, kutanthauza kuyeza ndi kujambula nyumba imene yaima kale. Zofunika ndi tepi yoyezera, kope, pensulo, foni yojambulira ndi mnzake wogwira tepi mbali ina. Nyumbayo ingakhale buloko ya sukulu ya pulayimale, shedi ya mumsika, tchalitchi cha m'mudzi, nyumba yakale ya nthawi ya minda ya tiyi, ngakhale nyumba ya agogo ya zidina ndi udzu pamodzi ndi nkhokwe ndi khitchini yake.

Choyamba n'kupempha chilolezo kwa mwini nyumba, ndipo ngati kuli kofunika kwa amfumu kapena akuluakulu a dera. Nyumba za boma ndi za pachipata cha malire sizijambulidwa popanda chilolezo. Akaloledwa, amayeza chipinda chilichonse, kukula kwa makoma, kutalika kwa makomo ndi mazenera. Amalemba pamene pali ming'alu, pamene chinyezi chakwera khoma, pamene chiswe chadya mtanda. Amafunsa ogwiritsa ntchito nyumbayo kuti imatentha nthawi yanji ndipo imadontha pati. Amacheza ndi amisiri a komweko za kukula kwa njerwa zootcha zimene zimaumbidwa m'deralo ndi kumene mchenga umachokera.

M'kabuku, ntchito yotere imatenga masamba atatu kapena anayi: nyumba mmene ilili, mavuto ake, ndi kukonza kumene akuganiza, limodzi ndi mndandanda wa zipangizo zofunika, umene m'maofesi amati mapa de quantidades. Masamba a kope olembedwa pamanja, okhala ndi manambala ndi zofufuta, aikidwenso. Amaonetsa kuti munthuyo anafikadi pamalopo.

Njira yoyambira pakhomo si yonyozeka. Diébédo Francis Kéré wa ku Burkina Faso anamanga sukulu ya pulayimale m'mudzi wa kwawo wa Gando mu 2001 akadali wophunzira ku Berlin. Anagwiritsa ntchito njerwa zadothi ndi denga lamalata lokwezedwa kuti mpweya uzidutsa pansi pake, ndipo omanga anali anthu a m'mudzimo. Sukuluyo inalandira mphoto ya Aga Khan mu 2004, ndipo mu 2022 Kéré anakhala munthu woyamba wa mu Africa kulandira mphoto ya Pritzker, yaikulu kwambiri pa ntchitoyi. Ofesi yake inajambulanso sukulu ya Benga Riverside ku Tete. Kuno ku Mozambique, José Forjaz, amene anatsogolera sukulu ya ku Maputo kwa zaka zambiri ndipo anajambula chipilala cha chikumbutso cha Samora Machel ku Mbuzini, ankadziwika ndi nyumba zolabadira dzuwa, mphepo ndi zipangizo zopezeka pamalo.

Chilungamo pa ntchito ya gulu

Mutu umodzi susenza denga, ndipo ntchito zambiri za kusukulu zimachitidwa m'magulu. Kuziika m'kabuku sikulakwa, bola palembedwe kuti anali anthu angati ndipo mwini kabuku anachita mbali iti. Ngati anajambula corte koma chithunzi cha pakompyuta anapanga mnzake, zinenedwe choncho. Odziwa ntchitoyi m'dziko muno si ochuluka, ndipo aphunzitsi ambiri alinso ndi maofesi awo. Ntchito yakuba imadziwika msanga, ndipo dzina likaipa pachiyambi limavuta kutsuka.

Chimodzimodzi ndi zojambula za mu ofesi imene munthu anachitako estágio, nthawi yophunzirira ntchito. Zojambulazo ndi za ofesiyo ndi za mwini nyumba. Asanaziike m'kabuku apemphe chilolezo, ndipo dzina la mwini nyumba ndi malo enieni a nyumba yake zichotsedwe. Chithunzi chopangidwa ndi mapulogalamu a AI chilembedwe kuti n'chotero. Pa mndandanda wa mapulogalamu alembe okhawo amene angatsegule pamaso pa bwana n'kugwira nawo ntchito, chifukwa maofesi ena amayesa wofunsira ntchito pomukhazika pa kompyuta.

Kukonza kabuku ndi ndalama zochepa

Maofesi ambiri amagwiritsa ntchito AutoCAD, Archicad, Revit ndi SketchUp. Kampani ya Autodesk imalola ophunzira olembetsedwa kusukulu kugwiritsa ntchito mapulogalamu ake mwaulere, ndipo ndi nzeru kupezerapo mwayi maphunziro asanathe. Palinso mapulogalamu aulere kwa aliyense: LibreCAD ndi FreeCAD ojambulira, QGIS ya mamapu, Blender ya zithunzi, Inkscape ndi Scribus zoyalira masamba. Wopanda sikana angajambule pepala ndi foni, ataliyala pamthunzi masana, foni italunjika bwino pamwamba pake.

Masamba 15 mpaka 25 ndi okwanira. Pepala la A3 limaonetsa bwino zojambula, koma A4 yogoneka ndiyo imasindikizika mosavuta paliponse ndiponso motchipa. Zilembo zikhale za mtundu umodzi, ndipo malo oyera asiyidwe kuti maso apume. Kabukuko kasungidwe ngati PDF yosapitirira 10 MB, kuti idutse pa imelo ndi pa WhatsApp ngakhale intaneti ili yofooka. Asanatumize, aitsegule pa foni n'kuona ngati manambala akuwerengeka. Dzina la fayilo likhale dzina la mwini wake ndi chaka. Makope asungidwe malo awiri kapena atatu, chifukwa kompyuta imafa ndipo fulashi imasowa. Kwa olemba ntchito kupite PDF yokha. Mafayilo otheka kusinthidwa akhale ndi mwini wake.

Chinenero ndi mwayi wina wa mwana wa kumalire. Mu Mozambique mawu a m'kabuku akhale a Chipwitikizi cholongosoka, ndipo wina awawerenge asanatumizidwe. Koma kuchokera ku Milange, Blantyre ili pafupi kuposa Quelimane, ndipo mabungwe ambiri akunja amagwira ntchito m'Chingerezi. Kope lachiwiri la Chingerezi limakulitsa msika. Pa CV alembenso Chichewa, Chilomwe kapena Chimarenje ngati amalankhula. Pamalo omanga, womasulira pulani kwa amisiri ndi eni mudzi m'chinenero chawo ndi munthu wofunika.

Kumene kabuku kangapite

Maofesi ojambula mapulani ndi ochuluka ku Maputo, ndipo ena ali ku Beira, ku Nampula ndi ku Quelimane. Koma ntchito yoyamba ingapezekenso kwa makontilakitala, m'mabungwe omanga masukulu ndi zipatala, kapena m'boma. Milange yakhala ndi khonsolo yakeyake kuyambira 1998, ndipo makhonsolo ndiwo amaona za zilolezo zomangira m'matawuni. M'maboma muli Serviço Distrital de Planeamento e Infra-estruturas. Mipata ya ntchito imalengezedwa m'nyuzipepala monga Notícias ndiponso kudzera ku Instituto Nacional de Emprego. Ofesi iliyonse ilandire kabuku koyalidwa moiganizira: kwa kontilakitala kutsogolo kukhale pormenor ndi mndandanda wa zipangizo, kukhonsolo kutsogolo kukhale mamapu ndi kagawidwe ka malo. Wouza wachinyamata kuti alipire ndalama kuti alembedwe ntchito ndi wofunika kumuthawa.

Za kulembetsa ndi kusaina mapulani, wongomaliza sukulu afunse ku Ordem dos Arquitectos de Moçambique. Wofuna kukagwira ntchito ku Malawi adziwe kuti kumeneko kuli bungwe lake, Board of Architects and Quantity Surveyors, ndipo satifiketi ya dziko lina imayamba yavomerezedwa. Amene anaphunzira zomangamanga kusukulu yaumisiri osafika kuyunivesite nawonso potifoliyo ingawathandize kupeza malo a desenhador kapena oyang'anira ntchito pamalo omanga.

Akaitanidwa kukacheza, apite ndi kope losindikizidwa, atakonzeka kufotokoza ntchito iliyonse mwachidule: vuto linali chiyani, anasankha chiyani, ndipo akanati ayambirenso akanasintha pati. Akakanidwa, afunse mwaulemu tsamba limene linali lofooka. Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Yankho la funso limenelo ndilo limakonza kabuku kotsatira.

Kwa amene adakali pasukulu, ntchitoyi iyambe tsopano. Timanyumba tamakatoni timawonongeka m'nyengo imodzi ya mvula, mapepala amadyedwa ndi chiswe, choncho chilichonse chijambulidwe ndi kusungidwa tsiku limene chamalizidwa. Ndipo pa tchuthi chikubwerachi, tepi yoyezera ikhale m'chikwama chobwerera nacho kumudzi.